Dambwe la Azungu: Mphekesera za Magulu Achinsinsi ndi Kayalidwe ka Tauni ya Ndola

1.0 MAWU OYAMBA

Pakati pa nkhani zimene zafala kwambiri chifikire intaneti m'manja mwa anthu wamba pali yakuti mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi inayalidwa ndi magulu achinsinsi, ndi kuti misewu, zipilala ndi nyumba zake zakale ndi malembo obisika amene amawerengedwa ndi olowa m'magulumo okha. Gulu limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Freemason, lina ndi la Illuminati. Kuno kwathu nkhani zoterezi zinagwera pa nthaka yolimidwa kale. M'matauni a ku Copperbelt, nyumba zimene a Freemason amakumaniramo anthu ambiri amazitcha nyumba za Satana, ndipo kalekale intaneti isanabwere, makolo athu amene anapita kukagwira ntchito kumigodi anali atayamba kale kulozerana nyumba zina za azungu monong'ona.

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika mphekesera zimenezi ngati umboni wa mbiri. Tasankha dera la Northrise mumzinda wa Ndola pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndi limodzi mwa madera amene anayalidwira azungu m'nthawi ya atsamunda, kotero limationetsa bwino maganizo a iwo amene anajambula mapulani a matauni athu. Chachiwiri, dzina la mzungu amene ankaopedwa kwambiri m'mphekesera za ku Ndola lidakali m'derali kufikira lero. Mfundo yathu ndi yakuti chinsinsi chimene anthu ankachinunkhiza m'matauniwa chinalipodi, koma malo ake sanali m'makona a misewu. Chinali m'malamulo ndi m'zitseko zimene zinkatsekera munthu wakuda kunja kwa tauni yomangidwa ndi manja ake omwe.

2.0 CHIZINDIKIRO NDI CHIFANIFANI

Ife a maphunziro a zilankhulo tili ndi chida chothandiza pa nkhani imeneyi. Kuchokera pa maphunziro a Ferdinand de Saussure, amene anasindikizidwa mu 1916, timavomereza kuti chizindikiro chimaima pa mgwirizano wa anthu. Liwu lakuti njovu limaloza nyama ija chifukwa eni chilankhulo anagwirizana motero. Mtambo nawo ukhoza kuoneka ngati njovu, koma palibe amene anautuma kuti unene za njovu. Choyambacho ndi chizindikiro, chachiwiricho ndi chifanifani. Choncho wina akatiuza kuti msewu wakutiwakuti ndi chizindikiro cha gulu lachinsinsi, tiyenera kumufunsa mafunso atatu: anachiika ndani, anaikira yani kuti awerenge, nanga umboni wa cholinga chake uli kuti?

Mzinda wa Washington ku America ndiwo chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri. Pulani yake inajambulidwa ndi Pierre L'Enfant mu 1791, ndipo ili ndi misewu ikuluikulu yopingasa yokumana pa mabwalo, motsanzira kayalidwe ka minda ndi nyumba zachifumu za ku France monga Versailles. Anthu amalumikiza ina mwa misewuyi kumpoto kwa White House n'kupeza nyenyezi ya nsonga zisanu. Koma mzere umodzi wa nyenyeziyo sukwanira pa nthaka, ndipo amaumaliza ndi cholembera ndi yemweyo amene akuifuna nyenyeziyo. Gulu la Illuminati nalo, limene Adam Weishaupt analiyambitsa ku Bavaria mu 1776, boma la kumeneko linali litalithetsa pofika 1785, pulani ya Washington isanajambulidwe.

Pamene a Freemason anaikadi chizindikiro chawo, anachita zimenezo dzuwa likuswa mtengo. Pa 18 September 1793 George Washington anaika mwala wa maziko wa nyumba ya malamulo ya Capitol atavala epuloni ya gululo, khamu la anthu likuonerera. M'tauni ya Sandusky ku Ohio, woyeza malo wina wa gululi, Hector Kilbourne, anayala misewu mu 1818 mofanizira sikweya ndi kampasi, ndipo eni tauniyo amainena nkhaniyi poyera. Apa mafunso athu atatu aja amayankhika onse.

3.0 A FREEMASON M'DZIKO LA RHODES

Akuluakulu amati utsi sufuka popanda moto, ndipo tingalakwe titaonetsa ngati gululi linalibe malo m'mbiri ya utsamunda. Loji yaikulu yoyamba inakhazikitsidwa ku London mu 1717. Zizindikiro zake zinatengedwa ku zida za amisiri omanga: sikweya, kampasi, levulo ndi chingwe choongolera khoma. M'chipinda chimene amakumaniramo, pansi pamakhala timabwalo takuda ndi toyera ngati bolodi la drafuti, pamakhala nsanamira ziwiri zokumbutsa Yakini ndi Boazi za m'kachisi wa Solomo, ndipo mpando wa mtsogoleri umakhala kum'mawa. Pakhomo pamaima mlonda, ndipo mazenera amakhala otseka kapena okwezeka kuti wodutsa asasuzumire. Izi ndi zizindikiro zenizeni, zodziwika mwini wake, koma zimathera pa makoma a lojiyo.

Cecil Rhodes, amene dziko lino linkatchedwa ndi dzina lake, analowa m'gululi ku Oxford mu 1877. M'chaka chomwecho analemba chikalata chofotokoza loto lake lokhazikitsa gulu lina lachinsinsi lofutukula ulamuliro wa Britain pa dziko lonse. Kampani yake ya British South Africa inalandira chilolezo cha mfumukazi mu 1889, ndipo inalamulira dziko lino kufikira 1924. Maloji anatsata azungu kulikonse kumene anakhazikika. Ku Blantyre loji ya Nyasa inatsegulidwa mu 1903, ndipo migodi itakula, matauni a ku Copperbelt anakhala ndi maloji awo. Ngakhale Prince George, amene anaika mwala wa maziko wa nyumba ya maofesi a boma ku Lusaka mu 1934, anadzakhala mtsogoleri wamkulu wa a Freemason ku England mu 1939.

Mphamvu ya loji m'tauni ya atsamunda inali ya chibale. Loji, kalabu ndi bwalo la gofu ndiwo anali malo amene bwana wa mgodi, bwana wa banki, kontilakitala, loya ndi mkulu wa boma ankakumanirako madzulo popanda wolemba maminitsi, ndipo munthu wakuda ankalowako atanyamula thireyi basi. Makhonsolo a matauni nawo ankasankhidwa ndi azungu eni mapuloti. Tikamafuna dzanja la gulu lotsekeka pa kayalidwe ka tauni, pamenepa ndiye pofufuza.

4.0 MMENE NDOLA INAYALIDWIRA

Ndola inayamba ngati boma laling'ono mu 1904, lokhazikitsidwa ndi J. E. Stephenson, amene anthu anamutcha Chirupula. Njanji itafika m'derali cha m'ma 1909, chifukwa cha mgodi wa Bwana Mkubwa ndi migodi ya ku Katanga, malowa anasanduka chipata cha malonda. Ndola inakhala ndi khonsolo ya manisipala mu 1932 ndipo inakwezedwa kukhala mzinda mu 1967. Kitwe inabadwa mochedwerapo, mu 1936, ngati tauni ya boma yoyandikana ndi tauni ya kampani ya mgodi wa Nkana.

Maganizo atatu ndiwo anaumba matauniwa, ndipo onse analembedwa m'mabuku osabisa. Oyamba ndi a Ebenezer Howard, amene mu 1898 anafalitsa ganizo la tauni yokhala ngati munda, ya nyumba zotalikirana, misewu yokhota ndi mitengo m'mbali mwake. Ganizoli linayesedwa ku Letchworth mu 1903, ndipo S. D. Adshead analibweretsa kuno pamene anajambula pulani ya likulu latsopano la Lusaka mu 1931. Misewu yokhota ngati uta, mabwalo ozungulira pa mphambano, mapuloti aakulu ndi mitengo ya jakaranda zimene timaona ku Northrise ndi Kansenshi, kapena ku Parklands ndi Riverside mu Kitwe, ndi ana a ganizo limeneli.

Achiwiri ndi a zaumoyo. Ronald Ross atatsimikiza mu 1897 kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu, maboma a atsamunda anayamba kumanga nyumba za azungu pamtunda, kutali ndi madambo. Dzina lakuti Northrise likunena zomwezo, pakuti tanthauzo lake ndi chitunda cha kumpoto. Koma anawonjezapo chiphunzitso chakuti anthu akuda, makamaka ana, ndiwo nkhokwe ya matendawa. Lord Lugard, m'buku lake la mu 1922, analangiza kuti pakati pa nyumba za azungu ndi za anthu akuda pazisiyidwa malo osamangapo a mayadi 440, ndiye kuti mamita pafupifupi 400. Chimene chinachepetsadi malungo ku Copperbelt chinali kukumba ngalande ndi kuumitsa madambo, ntchito imene Malcolm Watson analangiza makampani a migodi cha m'ma 1930. Tsankho lokha linatsala.

Achitatu ndi a ntchito. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo m'tauni, wobwera kudzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi. Ankayenda ndi chitupa, usiku sankaloledwa m'dera la azungu popanda kalata ya bwana wake, ndipo m'masitolo ambiri ankagulira pazenera. Ogwira ntchito m'migodi atanyanyala ntchito mu 1935 ndi mu 1940, ndipo ena ataomberedwa ku Luanshya ndi ku Nkana, boma linayamba kuvomereza kuti anthuwa akhazikika. Lamulo la nyumba za anthu akuda m'matauni la mu 1948 linakakamiza olemba ntchito ndi makhonsolo kupereka nyumba, ndipo madera monga Kabushi ndi Chifubu anakula motero, a tinyumba tofanana tondandalikidwa m'mizere. Kumigodi makomboni ena anaikidwa m'mphepete mwa ng'anjo zosungunulira mkuwa. Anthu a ku Wusakile mu Kitwe ndi a ku Kankoyo mu Mufulira anapuma kwa zaka zambiri utsi wotsamwitsa uja amautcha senta.

Puloti imodzi ya kumayadi ikutiuza zonse. Kutsogolo kuli nyumba yaikulu ya khonde, kuseri kuli kanyumba ka wantchito. Amene ankati munthu wakuda ndi gwero la malungo ankamufunabe pafupi kuti aphike ndi kulera ana. M'madera akale a matauni ambiri a atsamunda munalinso tinjira topapatiza ta kuseri kwa mapuloti, modutsa anthu otaya zidebe za chimbudzi usiku. Wophunzira wa lero akaona kanjira kotere pa mapu akhoza kukayesa mzere wa chithunzi chobisika, pamene iko kanali ka ndowa.

Chilankhulo chinasunga pulani imeneyi mokhulupirika kuposa mapu. Kufikira lero timati "kumayadi" ndi "kukomboni", mawu obwerekedwa ku Chingerezi amene tsopano amanena za kusiyana kwa chuma ndi ulemu, ngakhale malamulo a khungu anatha ndi ufulu mu 1964. Maina monga Northrise, Hillcrest ndi Parklands amanena za chitunda ndi udzu wobiriwira, pamene dzina la Twapia, komboni ya ku Ndola, eni ake a Chibemba amalimasulira kuti "tapsa". A. L. Epstein, amene anachita kafukufuku ku Luanshya ndi ku Ndola m'zaka za m'ma 1950, anaonetsa mu 1959 mmene anthu a m'matauniwa ankapangira mawu atsopano onenera moyo wawo watsopano.

5.0 NYUMBA YA YENGWE

Tsopano tifike pa dzina lija. Ku Northrise kuli chipatala cha ana cha Arthur Davison, chimene chinatsegulidwa m'zaka zoyambirira za ufulu. Davison anali mmodzi wa azungu oyambirira m'dziko lino, mlenje komanso wolemba anthu chibalo, ndipo anthu ankamutcha Yengwe, dzina limene lidakamvekabe mu Ndola. W. V. Brelsford analemba za iye m'buku lake la mu 1965 lonena za azungu oyambirirawo. Ku Ndola Davison anamanga chinyumba chachikulu modabwitsa, chonga linga, ndipo nyumba imeneyi inalowa m'mphekesera za banyama.

Banyama, malinga ndi mphekeserazo, anali anthu akuda otumidwa ndi azungu kukagwira anzawo kuti akawapope magazi kapena kuwadya. Mwelwa Musambachime, m'nkhani yake ya mu 1988, anatsata mphekeserazi kuchokera mu 1930 kufikira 1964, ndipo Luise White, m'buku lake la mu 2000, anaonetsa kuti zinali ponseponse kum'mawa ndi pakati pa Africa. Ku Nairobi ndi ku Kampala onenedwa anali ozimitsa moto ndi apolisi, ndipo nyumba zawo zinkanenedwa kuti zili ndi maenje pansi. Kuno kwathu ananenedwa oyang'anira nyama zakutchire, othana ndi ntchentche za kaodzera, ngakhale ansembe a White Fathers. Pa Copperbelt dzina la Yengwe linatchuka pakati pa onenedwawo.

Davison sanadye munthu, ndipo banyama sanakhaleko. Komabe tiyenera kufunsa chifukwa chimene mphekesera inasankhira munthu ameneyu ndi nyumba imeneyi. Wolemba chibalo ankafika pamudzi n'kutenga anyamata amphamvu. M'zaka zoyambirira za migodi ambiri ankafa ndi chibayo, kamwazi, malungo ndi ngozi za pansi pa nthaka, n'kuikidwa kutali popanda mbale woona mtembo. Madokotala a kampani ankabaya anthu zala n'kutenga magazi osafotokoza kumene akupita nawo. Mayi wotsala kumudzi ankangodziwa kuti mwana wake anatengedwa ndi mzungu wakuti ndipo sanabwerere, pamene mzunguyo nyumba yake ikukulirakulira. M'Chinyanja timati "kudya thukuta la mnzako" ndi "kuyamwa magazi a anthu" ponena za wolemera ndi ntchito ya ena. Mphekesera ya banyama inatenga fanizo lomweli n'kulipatsa khoma ndi chitseko.

Mphekeserazi zinakula kwambiri mu 1952 ndi 1953, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinkakakamizidwa pa anthu osachifuna. Peter Fraenkel, m'buku lake la mu 1959, anafotokoza mmene ogwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka, kuphatikizapo woimba Alick Nkhata, ananenedwera kuti ndi a banyama, ndi mmene bungwe la Capricorn Africa Society linalowetsedwera m'nkhaniyo. Pamene tsogolo la dziko linkakambidwa m'zipinda zimene eni dziko sankaloledwamo, mphekesera za zipinda zobisika zinachuluka.

6.0 MZINDA NDI DAMBWE

Pali chifukwa china chimene olankhula Chinyanja sanavutikire kukhulupirira kuti tauni ili ndi mbali yobisika. Liwu lakuti mzinda, limene lero timanenera Ndola kapena Lusaka, pakati pa Achewa limanena za ufulu umene mfumu ya mudzi imalandira wochititsa chinamwali ndi Gule Wamkulu, ndipo mfumuyo imatchedwa mwini mzinda. Mudzi wa mzinda umayalidwadi motsata chinsinsi. Pali bwalo loonekera kwa onse, pali dambwe pafupi ndi manda kumene wosameta safikako, pali liunde kumene zilombo zimakonzekera kutulukira pabwalo, ndiponso pali tsimba la anamwali. Mwana amakula akudziwa njira zimene sayenera kudutsa, ndi kuti za kudambwe saulula. Zithunzi zoyera za m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, zina ndi za zilombo za Nyau. Kumpoto, m'madera a nyanja za Mweru ndi Bangweulu kumene kunachokera antchito ambiri a m'migodi, kunalinso gulu la Ubutwa lokhala ndi malo ake obisika.

Mchewa wa ku Katete kapena ku Chadiza atafika ku Ndola anapeza malo oletsedwa kwa iye, nyumba yopanda mazenera oonekera mkati, amuna olowamo usiku okhaokha atavala zovala zapadera, ndi malumbiro osaulula. Anaiwerenga tauniyo ndi galamala ya kwawo, naona dambwe la azungu. Sanalakwitse kwenikweni pofanizira loji ndi dambwe, pakuti zonse ziwiri zili ndi kulowetsa, magawo a ukulu, mawu obisika ndi chilango cha woulula. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa m'mudzi amadziwa kuti tsiku lina adzameta n'kulowa, ndipo zilombo zimatuluka kudzavina pamaso pa onse. Dambwe la m'tauni linalibe tsiku lotulukira pabwalo, ndipo munthu wakuda analibe chiyembekezo cholowamo. Tisaiwalenso kuti amishonale ambiri ankalalikira kuti Nyau ndi za Satana. Mawu omwewo ndiwo anadzatembenukira ku loji.

Pulezidenti Frederick Chiluba atalengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, nkhani za Satana zinatenga malo amene kale anali a banyama, monga Johanneke Kroesbergen-Kamps anaonetsera m'buku lake la mu 2022. Onenedwa anasintha, kuchoka pa wolemba chibalo kupita pa wamalonda wolemera msanga ndi wandale, koma msana wa nkhaniyo sunasinthe: chuma chosadziwika gwero lake, nyumba ya mpanda wautali, ndi anthu osowa.

7.0 MAWU OMALIZA

Nkhani imeneyi ili ndi mtengo wake. Ku Nairobi mu 2004, mazenera a magalasi amitundumitundu ndi zitsulo zokongoletsera za tchalitchi chakale cha St Andrew's zinachotsedwa chifukwa ena mumpingomo anati ndi zizindikiro za a Freemason. Mu 2017 anthu anaphedwa kum'mwera kwa Malawi powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo kumayambiriro kwa 2020 mphekesera za opopera anthu mpweya wapoizoni, zimene zinayambira ku Chingola, zinachititsa kuti magulu a anthu aphe anzawo m'madera ambiri a Zambia. Chifanifani chikatengedwa ngati chizindikiro, nyumba zakale zimagwetsedwa ndipo magazi osalakwa amakhetsedwa.

Kwa aphunzitsi a zilankhulo tikupereka malangizo awiri. Loyamba, mphekesera ziphunzitsidwe m'kalasi ngati gawo la zolankhulidwa pakamwa, pamodzi ndi nthano ndi miyambi. Wophunzira afunse kuti nkhaniyo ikunenedwa ndi yani, ikuloza yani, ndipo ikuyankha mantha anji, kenaka aiyese ndi mafunso atatu a chizindikiro aja. Kuseka amene amaikhulupirira sikuthandiza, chifukwa kumataya mbiri imene ili mkati mwake. Lachiwiri, maina a madera ndi a misewu, akale ndi atsopano, asonkhanitsidwe m'zilankhulo zonse za ku Copperbelt, pamodzi ndi maina amene anthu ankapatsa azungu monga Chirupula ndi Yengwe. Mapulani a matauni ndi makalata a makhonsolo akusungidwa ku National Archives ku Lusaka, ndipo zolembedwa za makampani a migodi zili mu Ndola momwemo. Koma okalamba amene anagwira ntchito kuseri kwa nyumba za ku Northrise, amene anayenda ndi chitupa ndi kugulira pazenera, atsala ochepa, ndipo ntchito yojambula mawu awo m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chilamba siyenera kudikiranso.